C yadzaza, D ili ndi malo ambiri: kodi ndiziphatikize?

Mayi wina wa ku Zomba, amene ali ndi shopu yotaipa makalata ndi kusindikiza, wafunsa motere: "Kompyuta yanga ndi Dell OptiPlex yakale, ili ndi Windows 7 ndi disiki ya 320 GB. C ndi ya 50 GB ndipo yafiira, tsiku lililonse ikudandaula kuti malo atha. D ndi yaikulu koma muli zinthu zochepa. Ndilinso ndi disiki ina ya 160 GB yochokera m'kompyuta imene inafa. Kodi ndingaphatikize C ndi D popanda kutaya mafayilo a makasitomala? Nanga disiki inayo ndingaiwonjezerenso kuti zonse zikhale chinthu chimodzi?"

Mayi, C ndi D, zimene ndi zigawo ziwiri za disiki imodzi yomweyo, zikhoza kukhala chigawo chimodzi, koma m'Windows mulibe batani lophatikizira. Chimene Windows imachita ndi kufufuta D, kenako kukulitsa C kuti ilowe m'malo amene D yasiya, ndipo zonse zimene zinali mu D zimapita nayo. Ine ndikanakhala inu sindikanaphatikiza zonse. Ndikanakulitsa C, n'kusiya D ilipo koma yocheperako. Za disiki yachiwiriyo, yankho ndi ayi, ndipo chifukwa chake ndichifotokoza kumapetoku.

Tiyambe ndi kuona mmene disiki yanu inadulidwira, chifukwa zonse zidalira pamenepo. Dinani Start, lembani diskmgmt.msc, mudine Enter. Pawindo limene litseguke, lotchedwa Disk Management, musalabadire kwambiri mndandanda wa pamwamba. Yang'anani m'munsi, pamene pali mzere wolembedwa Disk 0. Kumanzere kwenikweni mukhoza kupeza kachigawo ka 100 MB kotchedwa System Reserved, kenako C, kenako D. Mukawonkhetsa zonse mupeza pafupifupi 298 GB osati 320, ndipo musaganize kuti wina anakuberani: opanga madisiki amawerenga GB imodzi ngati mabaiti 1,000,000,000 pamene Windows imawerenga 1,073,741,824. Ya 160 GB ija idzaoneka ngati 149.

Onaninso mitundu ya timizere ta pamwamba pa chigawo chilichonse. Buluu wakuda ndiye kuti chigawocho ndi primary. Ngati D yazunguliridwa ndi mpanda wobiriwira ndipo kamzere kake ndi ka buluu wowala, ndiye kuti ndi logical drive imene ikukhala m'kati mwa chigawo china chotchedwa extended. Izi zimachokera ku kadulidwe ka MBR, kamene kanabwera mu 1983 ndipo makompyuta ambiri a nthawi ya Windows 7 amagwiritsabe ntchito. M'tebulo la MBR muli malo a zigawo zinayi zokha, choncho ofuna zambiri ankasandutsa chimodzi kukhala extended n'kuchidula m'kati. Kumbukirani zimene mwaona, tizifuna posachedwa.

Werenganinso mawu amene ali m'kati mwa bokosi la D. Akangonena kuti Healthy ndi Primary Partition kapena Logical Drive, palibe vuto. Koma mukaona mawu akuti System kapena Active pa D, imani pomwepo. Microsoft inatchula zinthuzi mosokoneza: chigawo cholembedwa Boot ndi chimene muli Windows, pamene cholembedwa System ndi chimene muli mafayilo oyatsira kompyuta. Pa makompyuta amene akhala akufomatidwa ndi amisiri osiyanasiyana, si zachilendo kupeza mafayilo oyatsirawo atagwera pa D. Disk Management imakana kufufuta chigawo chotere, koma mapulogalamu ena amafufuta osafunsa, ndipo mukayatsanso mumangolandiridwa ndi sikirini yakuda yolembedwa BOOTMGR is missing. Zikakhala choncho, ntchitoyi ipite kwa mmisiri amene angayambe wasamutsa mafayilowo.

Tsopano chifukwa chimene ndikukanira kuti D ichokeretu. Anthu ambiri amaganiza kuti akaphatikiza, kompyuta ithamanga. Siithamanga. Disiki ndi yomweyo, mbale zake zikuzungulira pa liwiro lomwelo. Chimene chimachedwetsa ndi C yodzaza thothotho, ndipo chimenecho chimatha mukangoipatsa mpata. Ena amaganiza kuti D imateteza ku mavairasi, zimenenso si zoona: vairasi ija yosandutsa mafoda kukhala ma shortcut, imene imayenda pa mafulashi a makasitomala, siona kuti iyi ndi C kapena D. Phindu lenileni la D limaoneka tsiku limene Windows yakana kuyaka. Shopu yolandira mafulashi a anthu tsiku lonse imafomatidwa kawirikawiri, ndipo mmisiri wachangu amafufuta C osafunsa kuti munali chiyani. Ngati ma CV a makasitomala, makadi a ukwati ndi mapulogalamu a maliro amene munapanga ali pa D, amapulumuka. Ngati zonse zili pa C imodzi yaikulu, mudalira chifundo ndi kuleza mtima kwa mmisiriyo.

Ndiye musanakhudze malire a zigawo, yesani kaye kupepuza C. Nthawi zambiri zimenezi zokha zimakwanira. Pa C pali fayilo yobisika yotchedwa hiberfil.sys, yosungira zimene munatsegula mukagoneka kompyuta ndi Hibernate, imene mu Windows 7 imatenga magawo atatu mwa anayi a kukula kwa RAM. Ngati RAM yanu ndi 4 GB, ndiye 3 GB yangokhala. Pa kompyuta ya padesiki simuifuna kwenikweni. Lembani cmd pa Start, mutsegule windo lakuda lolembamo malamulolo podina batani la kumanja la mawusi n'kusankha Run as administrator, lembani powercfg -h off, fayiloyo ichoka nthawi yomweyo. Kenako tsegulani Disk Cleanup, mudine Clean up system files, musankhe mafayilo osakhalitsa ndi Recycle Bin. Mukaona Previous Windows installations, imeneyo ndi foda ya Windows.old yotsala pamene wina anaika Windows pamwamba pa inzake. Imakhala yaikulu ndithu, koma lowanimo kaye muone ngati mulibe zolemba zanu zakale. Foda ya WinSxS idzakukopani chifukwa ndi yonenepa. Musaifufute ndi manja, mudzaononga Windows.

Chachikulu pa shopu ngati yanu ndi Desktop. Chilichonse chimene mwaika pa Desktop, mu Documents ndi mu Downloads chili pa C, ndipo ndikukhulupirira kuti zosikana zonse za makasitomala zimagwera kumeneko. Pangani mafoda pa D, mwachitsanzo D:\Desktop ndi D:\Documents. Kenako pitani ku C:\Users, mulowe m'foda ya dzina lanu, dinani kumanja pa My Documents, Properties, Location, Move, musankhe foda yatsopano ija. Windows idzafunsa ngati isamutse zimene zilimo, vomerani. Chitani chimodzimodzi ndi Desktop, Downloads ndi My Pictures. Chenjezo limodzi: musasankhe D:\ yeniyeniyo popanda foda, chifukwa D yonse imasanduka Documents ndipo kubweza kwake n'kovuta. Ngati mumagwiritsa ntchito Photoshop, muuzeninso mu Preferences kuti scratch disk yake, kumene imaika mafayilo osakhalitsa, ikhale D. Mukatha zonsezi n'kupeza kuti pa C patsala 15 GB, lekerani pomwepo, mwathana nalo vuto.

Ngati C ikupanikizikabe, mwina chifukwa cha mapulogalamu akuluakulu ojambulira, ndiye tiikulitse. Ntchito yeniyeni apa ndi kusunga mafayilo, kukulitsako ndi kwa mphindi ziwiri.

Yambani ndi kufunsa disikiyo ngati ili bwino. Pulogalamu yaulere ya CrystalDiskInfo imawerenga zimene disiki imalemba yokha za thanzi lake. Ikalemba Good, pitirizani. Ikalemba Caution mwachikasu, makamaka pa mizere ya Reallocated Sectors Count kapena Current Pending Sector Count, disikiyo yayamba kutha, ndipo nkhani yophatikiza iiwaleni: koperani zanu lero lomwe, mufune disiki ina. Chimodzimodzi ngati mukumva kugogoda m'kati kompyuta ikamayaka. Ikakhala bwino, lembani chkdsk D: /f ndi chkdsk C: /f mu cmd ija kuti Windows ifufuze ndi kukonza zolakwika pa zigawozo. Ya pa C idzapempha kuti ichitike poyatsanso kompyuta, lembani Y.

Kenako koperani zonse za pa D kupita pa disiki yakunja. Zofunika kwambiri za pa C nazo zikopereni, ngakhale sitikufuna kuifufuta. Kukopera kukatha musangokhulupirira. Dinani kumanja pa foda yoyambirira, Properties, lembani papepala chiwerengero cha mafayilo ndi kukula kwake, muchitenso chomwecho pa kope, manambala afanane. Tsegulani mafayilo angapo pa kopelo, akale ndi atsopano omwe, muone kuti akutsegukadi. Ndikunena izi chifukwa cha mafulashi achinyengo amene ali mbwee m'misika: amalembedwa 128 GB koma m'kati muli 8 GB, ndipo amavomera kukopera osadandaula, mayina a mafayilo akuoneka bwinobwino, koma mukatsegula mupeza mulibe kanthu. Pulogalamu ya H2testw imadzaza fulashi yonse n'kuwerenganso, ndipo yabodza imagwidwa. Dziwaninso kuti fulashi yofomatidwa m'njira yakale ya FAT32 siilandira fayilo imodzi yofika 4 GB, choncho kanema wa ukwati wa kasitomala akhoza kutsala inu osazindikira. Disiki yanu ya 160 GB ija ingathandize pano ngati kope lachiwiri, bola nayo ipimidwe kaye ndi CrystalDiskInfo. Pomaliza, pitani ku Control Panel, Backup and Restore, Create a system repair disc, muwotche CD imodzi muisunge pambali.

Funso lina musanafufute: kodi pali pulogalamu imene inaikidwa pa D? Ngati muli foda ya Program Files pa D, kapena pulogalamu ya maakaunti imasunga mabuku ake kumeneko, kapena fayilo ya Outlook yothera ndi .pst ili kumeneko, Windows inalemba njira zake zoyamba ndi chilembo D. Mukaphatikiza zonse mu C, njirazo zimaloza kumalo kumene kulibe, ndipo mapulogalamuwo amasiya kugwira ntchito mpaka muwaikenso. Mukapanganso D n'kubweza mafoda ndi mayina omwewo, sazindikira n'komwe kuti panachitika kanthu. Apanso njira yokulitsa yapambana yophatikiza. Ngati munasamutsira kale Desktop ndi Documents ku D, zibwezereni kaye podina Restore Default pa Location, koma mukane kusamutsa mafayilo, popeza C ilibe malo ndipo makope muli nawo.

Tsopano bwererani ku Disk Management. Dinani kumanja pa D, musankhe Delete Volume. Mawuwo akakhala otuwa osadinika, kawirikawiri ndi chifukwa chakuti pa D pali page file, fayilo imene Windows imagwiritsa ntchito RAM ikadzaza. Ichotseni kudzera ku System Properties, Advanced, Settings ya pansi pa Performance, Advanced kachiwiri, Change, musankhe D ndi No paging file, mudine Set, muyatsenso kompyuta. D ikafufutika, onani mtundu wa malo otsalawo. Akakhala akuda olembedwa Unallocated, zili bwino. Akakhala obiriwira olembedwa Free space, ndiye kuti D inali logical ija, ndipo mpanda wa extended udakalipo. Apa ndi pamene anthu ambiri amakakamira, kumadabwa kuti afufuta D koma Extend Volume, yokulitsira C, sikudinika. Dinani kumanja pa malo obiriwirawo, Delete Partition, asanduke akuda. Izi zimatheka pokhapokha ngati m'kati mwa extended mulibe chigawo china, monga E.

Lamulo la Windows pa kukulitsa lili ngati la munda: mungathe kusuntha malire anu kulowa m'tsala loyandikana nalo, koma simungadumphe munda wa mnzanu kukalima kutsidya n'kumati ndi munda umodzi. Malo opanda kanthu ayenera kugundana ndi C, ndipo akhale kumanja kwake. N'chifukwa chake njira imene imaoneka yanzeru, yochepetsa D ndi Shrink Volume kuti C itenge malowo, siigwira: malo amatuluka kumapeto kwa D, kutali ndi C. Ndi chifukwa chomwechonso pa makompyuta ena kachigawo ka Recovery kokhala pakati pa C ndi D kamatsekereza njira. C iyeneranso kukhala yofomatidwa m'njira ya NTFS, koma pa Windows 7 imakhala choncho kale.

Malo akuda akagundana ndi C, dinani kumanja pa C, Extend Volume. Idzafunsa kuchuluka kwake mu MB ndipo idzakhala italembamo kale malo onse. Fufutani nambalayo, mulembe 71680, imene ndi 70 GB. C ikhala pafupifupi 120 GB, yokwanira Windows 7 ndi mapulogalamu a shopu mpaka kompyutayo idzakalambe. Izi zimatha m'kanthawi kochepa chifukwa palibe fayilo imene ikusunthidwa, Windows ikungolemba malire atsopano. Pa malo akuda otsalawo dinani kumanja, New Simple Volume, mupereke chilembo D, NTFS, quick format. Chilembo D chikakhala kuti chalandidwa ndi DVD, sinthani kaye cha DVD-yo. Bwezani mafayilo, musamutsirenso Desktop ndi Documents. Ngati mwatsimikiza mtima kuti mukufuna chigawo chimodzi basi, musasinthe nambala ija, C itenga zonse.

Pali uthenga umodzi umene ungatuluke pa nthawiyi wonena kuti ntchito imene mwasankha isandutsa basic disk, disiki wamba ngati yanuyi, kukhala dynamic disk, imene zigawo zake zimasungidwa m'njira ina. Yankho lake ndi No nthawi zonse. Umabwera mukafuna kupanga chigawo chachisanu pa MBR kapena kulumikiza malo osagundana. Malaputopu ambiri a HP a nthawi ya Windows 7 ankabwera zigawo zinayi zitatha kale, SYSTEM, C, RECOVERY ndi HP_TOOLS, ndipo eni ake ambiri anagwera m'mbuna imeneyi. Kulowa n'kophweka, koma njira ya Windows yobwererera ku basic imafuna kufufuta zigawo zonse.

Mwina wina akuuzani kuti kuli mapulogalamu ophatikiza popanda kufufuta. Alipodi: MiniTool Partition Wizard, AOMEI Partition Assistant, EaseUS Partition Master. Amatenga D n'kuisandutsa foda m'kati mwa C, kapena amakankhira D kumanja kuti C ipeze malo. GParted, imene imayatsidwa kuchokera pa CD kapena fulashi, ilibe batani lophatikiza koma imasuntha ndi kukulitsa bwino. Amagwira ntchito, sindikuwanyoza. Vuto lake ndi lakuti kusuntha chiyambi cha chigawo kumafuna kunyamula deta yambiri kuchoka malo ena kupita ena, ndipo pa disiki yakale zimenezi zingatenge maola. Magetsi akathima pakati, theka la deta lili kwakale, theka kwatsopano, ndipo tebulo lolozera silikugwirizana ndi kulikonse. Kwathu kuno sitifunika kuuzana za kuthima kwa magetsi. Ka UPS ka pansi pa desiki kamangokupatsani mphindi zowerengeka, ndipo kwa ogula malaputopu ogwiritsidwa kale ntchito, batire nthawi zambiri imakhala inafa kalekale. Choncho ngakhale ndi mapulogalamuwa, kope la mafayilo ndi lofunikabe. Ndipo ngati kope muli nalo kale, kufufuta ndi kukulitsa n'kwachangu komanso kosaopsa kuposa kusuntha. Mapulogalamuwa amafunikiradi pamene pali kachigawo kotsekereza pakati, kapena pa Windows XP, imene Disk Management yake siitha kukulitsa C chifukwa kukulitsa C mwa njira imeneyi kunayamba ndi Windows Vista. Mmisiri akatulutsa CD ya PartitionMagic 8, mukaneni mwaulemu. Inali yabwino m'nthawi yake, koma inapangidwira XP ndi za m'mbuyo mwake, ndipo Symantec inaisiya mu 2009.

Zikachitika kuti mwafufuta chigawo cholakwika, musapange chatsopano pamalopo, musafomate, musakoperepo kanthu. Delete Volume imangochotsa dzina la chigawo m'tebulo, deta imakhala ilipobe mpaka china chilembedwe pamwamba pake. Pulogalamu yaulere ya TestDisk imatha kufufuza malire akalewo n'kuwabwezera. Kompyuta ikakana kuyaka mutasuntha zigawo, yatsani ndi CD munawotcha ija musankhe Startup Repair, nthawi zina kawiri kapena katatu.

Tibwere ku disiki ya 160 GB. Choyamba onani ngati ingalowe n'komwe: ya SATA ili ndi kachingwe kopyapyala, ya IDE ili ndi lamba wotambalala wa mapini 40, ndipo ma OptiPlex ambiri a nthawi ya Windows 7 alibe polowetsa IDE ya disiki. Ikalowa, C siingatambasukire pa disiki ina. Windows siilola chigawo chimene ikukhalamo kuwolokera kwina. Chimene chimatheka ndi kulumikiza D ndi disiki yachiwiriyo kukhala spanned volume, chigawo chimodzi choyala pa madisiki awiri, ndipo pamafunika dynamic disk yomwe ija ndakuletsani. Kuipa kwake n'koonekeratu: Windows imaziona ngati chigawo chimodzi, ndiye imodzi mwa madisiki awiriwo ikafa, chigawo chonse chimapita, ngakhale mafayilo amene anali pa yamoyoyo. Mukhala mwamangirira ntchito za makasitomala pa madisiki awiri okalamba, imodzi yochokera m'kompyuta imene inafa kale. Microsoft yeniyeniyo inasiya kulimbikitsa ma dynamic disk.

Ngati chokuvutani ndi kuchuluka kwa zilembo, pali njira yofatsa. Pangani foda yopanda kanthu pa D, tinene D:\Zakale. Mu Disk Management dinani kumanja pa disiki yachiwiriyo, Change Drive Letter and Paths, Add, Mount in the following empty NTFS folder, musankhe foda ija. Mukamalowa mu Zakale mukhala mukulowa m'disiki yachiwiri, koma iliyonse ili payokha, ndipo imodzi ikafa inzake siikhudzidwa. Komabe inu malo simukusowa, D yanu ili ndi mpata wambiri. Ntchito yabwino ya disiki imeneyo ndi kusunga makope. Igulireni kabokosi ka USB, muzikoperamo D kamodzi pa sabata, mukatha muzichotsa n'kuika m'kabati, kuti vairasi kapena mphenzi zisapeze zonse pamodzi.

Mukadzapeza ndalama pang'ono, SSD ya SATA ya 240 GB, disiki yopanda mbale zozungulira, ndi imene idzasinthe liwiro la kompyutayo moti mudzadabwa. Windows ndi mapulogalamu zipite pa SSD, ndipo disiki ya 320 GB idzafomatidwe yonse kukhala D imodzi. Tsiku limenelo mudzaganizirenso za Windows 7 yeniyeniyo, chifukwa Microsoft inasiya kuitumizira zigamba za chitetezo pa 14 January 2020, ndipo Chrome ya pa Windows 7 inaima pa version 109. Ngati kompyutayo imalowa pa intaneti kukatsegula maimelo a makasitomala kapena za kubanki, imeneyo ndi nkhani yofunika kuifulumirira kuposa ya C ndi D.